Ken Dryden, goloboyi wotsamira ndodo: mafunso ndi mayankho

A Ken Dryden anamwalira pa 5 Sepitembala 2025 ali ndi zaka 78, atadwala khansa. Ku Canada uthengawu unawagwera anthu ngati maliro a pakhomo pawo. Ambiri a ife dzinali talimva koyamba pa imfa yomweyi, ndipo m'pomveka, chifukwa masewera amene anawatchukitsa amaseweredwa pa madzi oundana, m'maiko ozizira. Komabe aliyense amene anaimapo pagolo, kapena kuimitsa mtima poonerera goloboyi wa timu yake, apezapo kanthu pa mbiri ya bamboyu.

Kodi a Ken Dryden anali ndani?

Anali goloboyi wa Montreal Canadiens, timu ya mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ya pa ayezi yomwe imaphatikiza matimu a ku Canada ndi ku United States. Anabadwa pa 8 Ogasiti 1947 mu mzinda wa Hamilton, m'chigawo cha Ontario. Mu ligiyi anasewera kuyambira 1971 mpaka 1979 basi, koma m'zaka zochepazo anakweza Stanley Cup, chikho chachikulu cha ligiyo, maulendo 6: mu 1971, 1973, 1976, 1977, 1978 ndi 1979. Anali munthu wophunzira zamalamulo, ndipo atachoka pagolo analemba mabuku, anayendetsa timu, anakhala phungu wa Nyumba ya Malamulo mpakanso nduna ya boma.

Ineyo hockey ya pa ayezi sindinaionepo. Imaseweredwa bwanji, ndipo goloboyi amakumana ndi zotani?

Timu iliyonse imalowetsa anthu 6: atatu akutsogolo, awiri otchinga kumbuyo, ndi goloboyi. Amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chopyapyala kunsi chotsetserekera pa ayezi, ndipo aliyense amanyamula ndodo yopindika kumapeto. Mpira palibe. M'malo mwake pamakhala kamphira kakuda, kolimba gwa, kozungulira koma kaphwatalala, kamene amakatcha puck. M'mimba mwake ndi masentimita 7.6, kulemera kwake ndi magalamu pafupifupi 170, ndipo masewera asanayambe amayamba akauumitsa mufiriji kuti kasamadumphedumphe pa ayezi. Zigawo za masewera ndi zitatu, chilichonse cha mphindi 20. Liwiro lake ndi loti munthu sangapirire nalo nthawi yaitali, choncho osewera amasinthana masewera ali mkati, nthawi zambiri mphindi imodzi isanathe n'komwe. Amene satuluka ndi goloboyi yekha.

Golo lake ndi laling'ono: mamita 1.83 m'lifupi, mamita 1.22 kupita m'mwamba. La mpira wa miyendo ndi mamita 7.32 ndi 2.44. Poyerekeza chonchi munthu angaganize kuti goloboyi wa hockey amangodya zofewa. Ayi ndithu. Kamphira kaja kakamenyedwa bwino kamathamanga makilomita oposa 150 pa ola, kamachokera pafupi, ndipo kawirikawiri kamadutsa pakati pa miyendo ya anthu, goloboyi osakaona mpaka katafika. Pa masewera amodzi amatha kuomberedwa maulendo 30. Kale magoloboyi ankaima pamenepo nkhope ili pamtunda. Amene anasintha zimenezi ndi Jacques Plante, wa Montreal yomweyo, amene pa 1 Novembala 1959 anang'ambidwa kumaso ku New York, n'kukana kubwerera m'bwalo popanda chophimba kumaso.

Anayamba bwanji?

Anakulira ku Islington, m'mphepete mwa mzinda wa Toronto. Bambo awo, a Murray Dryden, anathira phula kuseri kwa nyumba n'kuikapo magolo awiri, ndipo ana a m'deralo ankasonkhana pamenepo kumasewera ndi kampira ka tenisi. Mkulu wawo, Dave, amene ankasiyana naye zaka 6, anali goloboyi, ndiye mng'ono anangotsata mapazi. Makolowa anali anthu a mtima wothandiza. Mu 1970 anayambitsa bungwe la Sleeping Children Around the World, lomwe limapereka zogonera kwa ana a m'maiko osauka. Chidwi cha a Ken pa nkhani za ana, chomwe chinadzaoneka ali m'boma, sichinachokere patali.

Mu 1964, ali ndi zaka 16, timu ya Boston Bruins inawasankha, koma posakhalitsa inawapereka ku Montreal posinthana ndi osewera ena. Iwo sanathamangire ndalama. Anapita kukaphunzira mbiri yakale ku Cornell University, ku Ithaca m'chigawo cha New York, ndipo pogwirira golo sukuluyo anapambana masewera 76 mwa 81, kugonja 4 okha, ndi kulepherana mphamvu kamodzi. Mu 1967 anathandiza Cornell kutenga chikho cha mayunivesite a ku United States. Atamaliza mu 1969 anayamba maphunziro a zamalamulo, omwe anadzawapitiriza ku McGill University mu mzinda wa Montreal, uku akugwirira golo timu yaing'ono ya Canadiens yotchedwa Voyageurs.

N'chifukwa chiyani aliyense wokamba za iwo amayambira pa chaka cha 1971?

Chifukwa zimene zinachitika chaka chimenecho, ngakhale lero zimamveka ngati nthano.

Montreal inawaitana ligi itatsala pang'ono kutha. Anayamba pa 14 Malichi 1971 ku Pittsburgh, n'kupambana 5-1. Anasewera masewera 6, onse anapambana, ndipo anagoletsedwa zigoli 9 zokha. Ngakhale zinali choncho, anthu ankadziwa kuti ikafika ndime yochotsana, pagolo pabwerera Rogie Vachon, goloboyi wokhazikika wa timuyo. Mphunzitsi Al MacNeil anaganiza zina. Anaika mnyamata wa zaka 23, wophunzira zamalamulo, amene anali ndi masewera 6 okha mu ligi.

Ndipo timu yoyamba kukumana nayo inali Boston Bruins, yomwe inali ndi chikho m'manja kuchokera chaka chapitacho. Boston inali itamwetsa zigoli 399 mu ligi chaka chimenecho, chiwerengero chimene panalibe timu inachifikapo. Phil Esposito yekha anali ndi zigoli 76, ndipo kumbuyo kunali Bobby Orr, amene ambiri amamuyesa wotchinga kumbuyo woposa onse m'mbiri ya masewerawa. Mu ndime yochotsana matimu amamenyana mpaka ina itapambana masewera anayi. Oyamba Boston inapambana. Achiwiri inatsogola 5-1, anthu n'kumati zatha, koma Montreal inadzuka n'kupambana 7-5. Kuchoka apo zinthu zinatembenuka. Mpikisano unafika masewera a nambala 7, ku Boston konko, ndipo Montreal inapambana 4-2. Esposito, atatopa ndi kuombera koma osapyola, anawatcha a Dryden nyamalikiti wakuba. Dzinalo linali lachipongwe, koma linali ndi ulemu mkati mwake.

Atadutsa Minnesota North Stars, ndime yomaliza anakumana ndi Chicago Black Hawks, ndipo nayonso inafika masewera a nambala 7. Pa 18 Meyi ku Chicago, eni bwalo anatsogola 2-0. Jacques Lemaire anabweza chimodzi poombera kuchokera patali, Henri Richard anamwetsa ziwiri, ndipo chakumapeto a Dryden anatambasula mwendo kutchinga kamphira ka Jim Pappin, amene anali pakamwa penipeni pa golo. Zinathera 3-2.

Anapatsidwa mphoto ya Conn Smythe, ya wosewera wopambana mu ndime yochotsana. Popeza masewera 6 aja anali ochepa, malamulo ankawaonabe ngati wosewera watsopano, ndiye mu 1972 anatenganso mphoto ya Calder, ya wosewera watsopano wochita bwino. Kulandira mphoto ya akuluakulu kaye, ya atsopano pambuyo: palibe wina anachitapo zimenezi.

Chikho atachikweza, nyengo yopuma anakaithera ku Washington, kugwira ntchito ndi gulu la Ralph Nader lomenyera ufulu wa anthu ogula katundu.

N'zoona kuti anakumanapo ndi mkulu wawo, wina golo ili wina golo ilo?

N'zoona. Panali pa 20 Malichi 1971 m'bwalo la Montreal Forum. Dave ankagwirira Buffalo Sabres. Masewera anayamba Ken ali pabenchi, koma Vachon atavulala anamulowetsa, ndipo mphunzitsi wa Buffalo, Punch Imlach, nthawi yomweyo analowetsa Dave. Kanali koyamba mu NHL kuti ana a mimba imodzi aime m'magolo oyang'anizana. Montreal inapambana 5-2, ndipo awiriwo anakumana pakati pa bwalo n'kugwirana chanza.

Dave naye anasiya chizindikiro chake. Ndiye anathandiza kupanga chophimba kumaso chokhala ndi waya kutsogolo, chimene magoloboyi amavala mpaka lero.

Pa zithunzi zambiri amaoneka ataima chilili, atatsamira ndodo. Zimenezi zinali zotani?

Masewera akaima, kapena akakhala kuti akuchitikira kugolo la adani, iwo ankaimika ndodo yawo pa ayezi, kusanjika manja pamwamba pake, chibwano n'kuchikhazika pamanjapo. Anali wamtali masentimita 193, pa nthawi imene magoloboyi ambiri anali anthu aafupi, ndiye ankaonekera patali, ndi chophimba kumaso chawo choyera chokhala ndi mizere yozungulira yofiira ndi yabuluu.

Kunali kupumitsa thupi chabe, pakuti goloboyi amathera nthawi yambiri atawerama. Koma anthu anaonamo zambiri. Anzawo ankati akacheuka n'kuona munthu wadekha chotero, mtima unkakhala pansi. Adani ankaona ngati akuuzidwa kuti simunandichititse thukuta. Ana a ku Canada ankatengera kaimidweko m'misewu ndi kuseri kwa nyumba. Kwa ine kaimidweka kamanena zoona za munthuyu: anali m'kati mwa masewera, komanso ankawayang'ana ngati munthu woima pambali, kuwasinkhasinkha. Mabuku awo anachokera pamenepo.

Ena amati timu yawo inali yamphamvu kwambiri moti goloboyi wina aliyense akanapambana nayo. Pali choona?

Chilipo, ndipo kubisa sikungathandize. Canadiens ya m'zaka zimenezo, pansi pa mphunzitsi Scotty Bowman, inali ndi Larry Robinson, Serge Savard ndi Guy Lapointe kumbuyo, Guy Lafleur, Steve Shutt, Jacques Lemaire, Yvan Cournoyer ndi Bob Gainey kutsogolo. Mu ligi ya 1976-77 inasewera masewera 80, kupambana 60, kulepherana mphamvu 12, kugonja 8 okha, ndipo pakhomo inagonja kamodzi kokha chaka chonse. Goloboyi wa timu yotero masiku ena amakhala mphindi zambiri osakhudza kamphira.

Koma vuto lagona pomwepo. A Dryden eni ake analemba kuti pali goloboyi woyenera timu yofooka, ndi wina woyenera timu yamphamvu, ndipo ntchito zawo n'zosiyana. Wa timu yofooka amaomberedwa kosalekeza, thupi limatentha, ndipo akagoletsedwa palibe womuloza chala. Wa timu yamphamvu amaima kozizira, osachita kanthu, kenako mwadzidzidzi pamabwera mpata umodzi wa adani, ndipo umenewo sayenera kuuphonya. Chigoli chimodzi chopusa chimafooketsa anzake onse n'kudzutsa adani amene anali atataya kale mtima. Okonda mpira wa miyendo akuzidziwa izi: goloboyi wa timu yolamulira masewera amaweruzidwa ndi mpira umodzi wa mphindi ya 88.

Umboni wina ndi wa manambala. Mu 1972-73, iwo ali pagolo, Montreal inagoletsedwa zigoli 184. Chaka chotsatira iwo kulibe, osewera ena ambiri ali omwewo, inagoletsedwa 240 n'kutuluka mu ndime yoyamba yochotsana. Ndiponso timu ya 1971 ija sinali yoopsa ngati ya 1977. Imene ija anainyamula ndi iwo.

Nanga nkhani ya masewera ndi Soviet Union mu 1972?

Aka kanali koyamba kuti akatswiri a mu NHL akumane ndi timu ya dziko la Soviet Union, pa nthawi imene maiko a kuzambwe ndi a chikomyunizimu ankayang'anizana ndi diso lofiira. Anakonza masewera 8, anayi ku Canada, anayi ku Moscow. Anthu a ku Canada ankayembekeza kupambana onse. Oyamba, pa 2 Sepitembala ku Montreal, a Dryden ali pagolo, Canada inatsogola 2-0 koma inathera pogonja 7-3. Dziko lonse linachita manyazi.

Chinawavuta a Dryden ndi kaseweredwe ka alendowo. Osewera a mu NHL akapeza mpata ankaombera, ndiye goloboyi ankatuluka pang'ono kuti atseke golo. A Soviet ankapatsirana mpaka goloboyi atasuntha, kenako n'kulowetsa mbali imene wachokako. Luso limene linagwetsa Boston linasanduka msampha. Masewera achinayi ku Vancouver anagonjanso 5-3. Ankasinthana ndi Tony Esposito, mng'ono wake wa Phil uja, aliyense masewera anayi.

Ku Moscow anasintha kaimidwe, n'kumakhala pafupi ndi golo. Anapambana masewera a nambala 6 ndi zigoli 3-2. Omaliza, pa 28 Sepitembala, Canada inalowa chigawo chachitatu ikutsalira 5-3. A Dryden sanalolenso china, anzawo anabweza ziwiri, ndipo Paul Henderson anamwetsa cha 6-5 kutatsala masekondi 34. Canada inapambana masewera 4, kugonja 3, kulepherana mphamvu kamodzi. Sukulu zambiri tsiku limenelo zinaimitsa maphunziro kuti ana aonere pa kanema.

Matimu a Soviet anapitiriza kuwavutitsa. Pa 31 Disembala 1975 Montreal inalepherana mphamvu 3-3 ndi CSKA Moscow, ngakhale inaombera maulendo 38 pomwe alendo anaombera 13 okha. Tsiku limenelo katswiri anali goloboyi wa mbali inayo, Vladislav Tretiak. A Dryden sankabisa kuti masewera amenewo sanawayendere.

N'chifukwa chiyani sanasewere chaka chonse cha 1973-74?

Nkhani inali ya malipiro. Mu 1972 kunabadwa ligi ina yopikisana ndi NHL, yotchedwa WHA, ndipo malipiro a osewera anakwera. A Dryden, ali ndi zikho ziwiri kale, anaona kuti akulandira zochepa poyerekeza ndi magoloboyi ena, koma mkulu wa timu, Sam Pollock, anakana kusintha mgwirizano. Wosewera wina akanang'ung'udza n'kubwerera, chifukwa analibe kolowera. Iwo kolowera anali nako. Anapita ku Toronto kukagwira ntchito yophunzirira uloya pa kampani ina ya maloya, kumalandira madola 135 pa sabata. Anali ndi zaka 26, pachimake pa mphamvu zawo. Chaka chitatha timu inawaitana ndi malipiro okwera kwambiri.

Sukulu ija, imene ena ankaiona ngati kutaya nthawi, ndiyo inawapatsa mphamvu yonena kuti ayi.

Anapumiranji ali ndi zaka 31 zokha, timu ikupambana?

Chaka chomaliza chinali cholemera. Mu ndime yachiwiri kwa yomaliza ya 1979, Boston inatsala pang'ono kuwatulutsa pa masewera a nambala 7, mpaka pamene inalangidwa chifukwa cholowetsa osewera opitirira muyeso, Lafleur n'kufananitsa zigoli, Yvon Lambert n'kumwetsa chopambanira mu nthawi yoonjezera. Mu ndime yomaliza ndi New York Rangers, a Dryden anachotsedwa pagolo pa masewera oyamba. Achiwiri anayenera kugwira Michel Larocque, koma anamenyedwa ndi kamphira m'mutu pokonzekera. A Dryden anabwerera, ndipo Montreal inapambana masewera anayi otsatizana.

Anachoka chikho chili m'manja. Anaona kuti njala ya kupambana yayamba kuchepa, mwa iwo ndi mwa timu, ndipo ankafuna kuyamba moyo wina akadali ndi nthawi youphunzira. Anasiya atasewera masewera 397 mu ligi: kupambana 258, kugonja 57, kulepherana mphamvu 74, ndipo pa masewera 46 sanagoletsedwe n'chimodzi chomwe. Mu 1983 analowetsedwa mu Hockey Hall of Fame, nyumba yosungira mbiri ya akatswiri a masewerawa.

Anachita chiyani atachoka pagolo?

Mu Febuluwale 1980 anali mmodzi mwa oulutsa mawu pa kanema, limodzi ndi Al Michaels, pamene anyamata a m'mayunivesite a ku United States anagonjetsa Soviet Union 4-3 pa masewera a Olympics ku Lake Placid.

Mu 1983 anatulutsa buku lotchedwa The Game, lofotokoza chaka chawo chomaliza. Analemba okha, osati kulembetsa kwa mtolankhani monga amachitira akatswiri ambiri. Muli za m'chipinda chovalira, za m'basi, za mantha a goloboyi, za kukhala wolankhula Chingerezi mu mzinda wolankhula Chifalansa pa nthawi imene chigawo cha Quebec chinkakambirana zodzipatula ku Canada. Ambiri amaliyesa buku labwino koposa onse olembedwa pa masewerawa. Kalembedwe kawo kanali kofuna kuona ndi maso: pokonzekera buku lina lonena za maphunziro, anakhala chaka chathunthu m'makalasi a sekondale ina ku Mississauga, kumvetsera pamodzi ndi ana.

Kuyambira 1984 mpaka 1986 anali mkulu woona za achinyamata m'boma la chigawo cha Ontario. Mu 1997 anakhala pulezidenti wa Toronto Maple Leafs, mdani wakale wa Montreal.

Pa ndale anafika pati?

Anasankhidwa kukhala phungu wa dera la York Centre ku Toronto mu 2004, pa tikiti ya chipani cha Liberal, ndipo nduna yaikulu Paul Martin inawaika kukhala nduna yoona za chitukuko cha anthu. Ntchito yawo yaikulu inali kukhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yosamalira ndi kuphunzitsa ana a mkombaphala, ya madola 5 biliyoni pa zaka 5. Anayenda chigawo ndi chigawo mpaka zonse 10 zinasaina. Koma chipani chawo chinagwa pa chisankho cha Janyuwale 2006, ndipo boma la Stephen Harper linathetsa mapanganowo. Chaka chomwecho anapikisana nawo pa utsogoleri wa chipani koma anapambana ndi Stéphane Dion. Mpando wa uphungu anautaya mu 2011.

Ankayankhula modekha, mwa ziganizo zazitali zofuna kuona nkhani mbali zonse, ndipo pa nsanja ya ndale zimenezo sizikoka anthu. Koma ganizo lawo silinafe. Mu 2021 boma la Canada linayambitsanso ndondomeko ya dziko lonse yosamalira ana aang'ono.

Nkhani yovulala m'mutu inawakhudza bwanji?

Apa ndi pamene ine ndimawapatsira ulemu waukulu, kuposa wa zikho zija.

Hockey imalola kugundana ndi thupi, ndipo osewera a lero ndi akuluakulu komanso othamanga kuposa a m'zaka za a Dryden. Mutu ukagundidwa, ubongo umagwedezeka m'kati mwa chigaza. Zikachitika mobwerezabwereza, ena amadzadwala matenda a ubongo otchedwa CTE, amene amayenda ndi kuiwalaiwala, kukhumudwa ndi kusintha khalidwe, ndipo amatsimikizika pokhapokha munthu atamwalira, madokotala akapima ubongo wake. Steve Montador, wotchinga kumbuyo amene anasewera matimu angapo a mu NHL, anapezeka atamwalira kunyumba kwake mu Febuluwale 2015 ali ndi zaka 35. Ubongo wake unapezeka ndi CTE.

A Dryden analondola moyo wa mnyamatayu n'kulemba buku la Game Change, lotuluka mu 2017. Pempho lawo kwa mkulu wa NHL, Gary Bettman, linali losavuta kumva: kugunda mnzako m'mutu kukhale mlandu nthawi zonse, kaya ndi dala kaya mwangozi, kaya ndi phewa, chigongono kapena chibakera. Mfundo yawo inali yakuti ubongo sudziwa ngati wakugundayo anachita dala. Kwa onena kuti kutero n'kuononga mwambo wa masewera, ankawakumbutsa kuti malamulo a hockey akhala akusintha kuyambira kale, ndipo masewerawo sanafe.

NHL ili ndi lamulo loletsa kugunda kolunjika mutu kuyambira 2010, koma silifika pamene iwo ankafuna, ndipo anamwalira ligi isanavomere pempho lawo lonse. Munthu wa mbiri ngati yawo akanatha kumangolandira ulemu m'maphwando, osakhumudwitsa aliyense. Iwo anasankha kuvutitsa akuluakulu a masewera amene anawalera, chifukwa cha anyamata amene sanasewere nawo n'komwe.

Nkhaniyi si ya pa ayezi pokha. Ku mpira wa miyendo timaona osewera awiri akuombana mitu polimbirana mpira wa m'mwamba, wina n'kugwa, kumuthira madzi, n'kumubwezera m'bwalo akuyenda mwa dzandidzandi. Kuyambira 2024 malamulo a mpira amalola mipikisano kupereka mpata woonjezera wosintha wosewera amene akuganiziridwa kuti wavulala ubongo.

Ndiye tinene kuti ndi goloboyi woposa onse?

Okonda masewerawa sagwirizana. Ena amatchula Jacques Plante, ena Terry Sawchuk, amene pa masewera 103 sanagoletsedwe. Martin Brodeur anapambana masewera 691. Patrick Roy anatenga Conn Smythe katatu. Dominik Hašek anasankhidwa kawiri kukhala wosewera wopambana mu ligi yonse, ali mu timu yosafika pa Montreal ya a Dryden. Mphoto ya magoloboyi ya Vezina a Dryden anaitenga maulendo 5, koma tidziwe kuti nthawi imeneyo inkapita kwa magoloboyi a timu imene yagoletsedwa zochepa, osati mochita kuvota ngati lero, ndipo maulendo atatu anagawana ndi Larocque.

Ine sindingawaike pamwamba pa Hašek pa luso lotchinga lokha. Koma palibe wina anakolola zochuluka chotero m'zaka zochepa chotero: maligi athunthu 7 ndi kachidutswa ka 1971, zikho 6.

Akukumbukiridwa bwanji?

Nduna yaikulu ya Canada, a Mark Carney, amene nawonso anagwirapo golo ali ku yunivesite ya Harvard, ananena kuti a Dryden ndiwo anawachititsa kukhala goloboyi. Mwezi umenewo unali wowawa kwa okonda magoloboyi akale: pa 14 Sepitembala kunamwalira Ed Giacomin wa New York Rangers, ndipo pa 21 kunamwalira Bernie Parent, amene anatengera Philadelphia Flyers zikho za 1974 ndi 1975, Montreal ya a Dryden isanawalande mu 1976.

Ulemu wambiri anaulandira ali moyo. Boma linawapatsa mendulo ya Order of Canada. Cornell inaleka kupereka nambala 1 imene ankavala kumeneko. Pa 29 Janyuwale 2007 Canadiens inakweza nambala yawo 29 kudenga la bwalo la Bell Centre, kutanthauza kuti palibenso wosewera wa timuyo adzaivale, ndipo Tretiak anachoka ku Russia kudzakhala nawo pa mwambowo. Analiponso Dave, amene anadzatsogola kumwalira pa 4 Okutobala 2022. Dave anabadwa pa 5 Sepitembala 1941, ndipo mng'ono wake anatsikira kuli chete pa 5 Sepitembala pomwepo, tsiku limene mkuluyo akanakwanitsa zaka 84.